A Jobe ndi Thanki Yokana Kumatika

A Jobe ndi munthu wosadziwa kukhala pansi. Ngakhale m'tchalitchi, abusa ali pakati pa ulaliki, mudzaona mwendo wawo ukugwedera ngati akupalasa makina osokera, makiyi ali ngwengwengwe m'thumba. Pemphero likatalika amatsegula diso limodzi kuyang'ana pakhomo. Mulungu anawalenga choncho, nanga tinene kuti chiyani.

Kwawo ndi ku Dedza, koma anakakwatira ku Ntcheu, mtsikana wolankhula mosapsatira dzina lake Pauline. Ntchito anayamba ndi kukweza mabelo a fodya pa lole, kenaka madalaivala anawaphunzitsa chiwongolero, mpaka bungwe lina la mpingo linawalemba. Bwana wawo atasamutsidwira ku Nairobi anati, Jobe tiye. A Jobe anauza apongozi awo kuti ndi chaka chimodzi chokha. Nthawi imeneyo mwana wawo Tina anali kubere. Lero Tina ndi namwino, anaphunzira sukulu kumudzi ali m'manja mwa agogo ake, koma bambo ake sanapondenso dothi la ku Malawi.

Sikuti anali munthu woipa ayi. Mowa samamwa, mkazi sanamenyepo. Vuto linali limodzi. Atangokwatira, akuchikazi anawaloza malo pansi pa mtengo wa mango kuti mkamwini amangepo nyumba, monga amachitira mwamuna aliyense wolowa pamudzi. A Jobe anaumba njerwa, n'kuzisanja bwinobwino, koma asanaziotche ulendo wa ku Kenya unakwana. Mvula inazisungunula, zinasanduka chulu, mbuzi n'kumasewerapo. Chulu chimenecho chinkawatsata mpaka ku Kasarani, dera la mu Nairobi kumene amachita lendi. Akamva mawu oti mtchona, ngakhale akunena munthu wina, iwo makutu ankatentha.

A Pauline, mayi a Tina, anawatsatira ku Nairobi, koma ankapita okha kumudzi pa basi, kudzera ku Tanzania, miyendo n'kutupa. A Jobe chifukwa sichinkasowa. Mwina abwana akana, mwina pasipoti yatha, mwina msana. Pa foni mawu awo anali amodzimodzi: "Tili panjira, auzeni tili panjira." Mpaka ana akumudzi anawapatsa dzina loti a Tilipanjira.

Ndiye kunabwera kalavani. Ku Runda, kuja kumakhala anthu a maofesi akuluakulu kuseri kwa mageti, kunali mzungu wina, a Morris, amene a Jobe ankawayendetsa masiku opuma kukaona nyama kutchire. Pobwerera kwawo a Morris anati ngolo yogonamo ija aitenge a Jobe. Anaikoka pa Thika Road maminibasi amene kuno amati matatu akuwaimbira mabelu, n'kukaiimika pakona pa mpanda, mwini nyumba akudandaula kuti yatseka poyanika zovala. M'kati munali bedi, kachitofu ka gasi, kasinki ndi kampopi kake. Pansi pa bedi panali thanki ya pulasitiki yoyera ya madzi akumwa, yotulutsira pa kachitseko ka kunja.

"Mayi a Tina, nyumba ija ndi imeneyi," anatero a Jobe akumenya chitseko ndi chikhatho. "Ndikaiimika pansi pa mango paja. Madzi anganga, osakapempha osamba kwa apongozi."

"Nyumba ya matayala? Kuti mukatopa nafe muziithawitsa?"

"Inu simudziwa zinthu."

"Chabwino, tinyamuka liti?"

"Tikonzeke kaye."

Kukonzekako kunatha zaka. Kalavani inangokhala, matayala akuphwa, a Jobe n'kumawapopa. Kiyi wake sankapatsa munthu. Nthawi zina ankalowamo ndi kathumba, n'kutuluka opanda kanthu. Mayi a Tina ankaona koma anangoti za amuna, zisiyeni.

Chaka chino Tina anaimba foni. Anati kwabwera mnyamata, dzina lake Chimango, mphunzitsi, ndipo chinkhoswe chichitika mvula isanagwe.

"Zabwino zimenezo mwanawe," anatero a Jobe akuzungulira pabwalo foni ili kukhutu. "Komatu pachinkhoswe ofunika ndi amalume ako. Bambo amangokhala phee kumbuyo."

"Amalume alipo, adadi. Ine ndikufuna Chimango aone kuti ndili ndi bambo wa thupi, osati mawu a mu foni. Abale ake akufunsa ngati munamwalira."

"Iwe Tina!"

"Ndanena. Mukapanda kubwera ulendo uno, paukwati sindikuitanani, ndipo mwana wanga sadzakudziwani. Sindikukalipa adadi, ndatopa chabe."

Foni inaduka. A Jobe anaima pakati pa bwalo, mwendo uja osagwedera. Mayi a Tina anali pakhomo akusankha nyemba, sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Mwamumvatu."

Ku Kasarani madzi sabwera tsiku lililonse. Tsiku limene mpopi unalira, anthu akuthamanga ndi zigubu, a Jobe anakoka payipi n'kudzaza thanki ya kalavani kuti aone. Posakhalitsa pansi panayamba dontho, dontho, dontho, kenaka kamtsinje kolowera ku geti. Anatsegula kachitseko, n'kuunika. Mng'alu unali cha pamwamba, paphewa pa thanki, wautali ngati chala.

Munthu wina akanada nkhawa. A Jobe, kunena zoona, mtima unapepuka pang'ono, ndipo iwo eni anachita nazo manyazi. Anathamangira m'nyumba. "Yang'ambika! Ulendo wautali ngati umenewu wopanda madzi sungatheke."

"Ndiye imateni. Si inu dalaivala?"

Madalaivala a malole ali ndi nzeru yawo. Thanki ya petulo ikadontha kutchire, amatenga sopo wa mtanda, kumukanya mpaka afewe, n'kumata pobowokapo, ulendo n'kupitirira. A Jobe anachitapo zimenezi kangapo ali anyamata, ndipo manja awo anangochita okha mutu usanaganize. Anakanya sopo, kumata kunja, kulowetsa dzanja pa chivundikiro kumatanso m'kati, kuti zigwire kawiri. Dontho linasiya. Anasamba m'manja akuimba nyimbo ya kwaya.

Masana ake kunabwera mayi Lenah ndi mayi Carol, amayi a pemphero la Lachinayi, kudzapempherera ulendo. Awiriwa anali oti akwera nawo galimoto kukathandiza kuphika pachinkhoswe. Mayi a Tina, pofuna kuonetsa nyumba yatsopano, anapeza a Jobe asiya chitseko chosakhoma, n'kutunga madzi a tiyi pa kampopi ka m'kalavani. Madzi atayamba kuwira, thovu linakwera ngati akuchapa matewera.

Mayi Lenah ananunkhiza kapu. "Amake Tina, tiyi wa kuno mumathira chiyani?"

"Mwina akufuna atitsuke m'mimba tisanapemphere," anatero mayi Carol, akuseka mpaka kugwira khoma.

A Jobe anali atazemba kale kuseri. Petulo sasungunula sopo, koma madzi ndi sopo ndi pachibale, zimenezi ngakhale mwana amadziwa. Pansi pa kalavani panali poyera ndi thovu, nkhuku za mwini nyumba zikudabwa.

Kuchokera apo sanagonenso tulo tabwino. Anagula guluu wa timachubu tiwiri tosakaniza, anauma gwa, koma atangothira madzi anasupuka ngati khungu la njoka. Anayesa supa guluu, anangomata zala zawo. Anayesa mphira wa chubu ndi phula, madzi n'kumanunkha msewu. Pobwera ku ntchito sankalowa m'nyumba, ankayamba wagwada kaye pa kachitseko kaja. Chakudya ankadya ataima. Masiku nawo akupita, Tina osaimbanso foni.

Mlonda wa pa geti ndiye anawauza za fundi wina wa ku Umoja, ndiye kuti mmisiri, wowotcherera zinthu za pulasitiki, dzina lake Mutiso. Kutulutsa thanki ija kunali ngati kuzula dzino la kumapeto. Inali yothinana, chinachake chikuipanikiza pamwamba, mpaka a Jobe anachita kupana ndi chitsulo cha jeke. Anaimangirira pa bodaboda, njinga yamoto ya kabaza, iwo n'kukhala pakati, thanki kumsana, mpaka ku Umoja.

Mutiso anali munthu wamfupi, wa mawu ochepa, atakhala pakati pa mabeseni osweka ndi mabampala a galimoto. Anapala guluu ndi phula lonse lija akupukusa mutu. "Pole, mzee," anatero, kuwapepesa. Kenaka anatenga choboolera n'kuboola kabowo kumapeto kwa mng'alu.

A Jobe analumpha. "Iwe fundi! Ndabwera kudzatseka, iwe ukuboola?"

Mutiso anaboolanso mbali inayo, osafulumira. M'Chiswahili chake chosakaniza ndi Chingelezi anati mng'alu uli ngati munthu woyenda, ukapanda kuutsekera njira umapitirira. Anati pulasitiki ya mtundu uwu simva guluu, imafuna moto ndi pulasitiki inzake ya mtundu womwewo. Anakumba kangalande motsata mng'alu, kutenthetsa chitsulo, kusungunuliramo timizere todula ku thanki ina yakale, kuika kawaya ka sefa pamwamba, n'kusungunuliranso. A Jobe ankazungulira, kusuzumira paphewa pake, mpaka Mutiso anawaloza chitini kuti akhalepo. Sanakhale.

Pomaliza fundi anasisita pamwamba pa thanki ndi chikhatho. "Mzee, apa papindikira m'kati. Mumaikapo chiyani?"

"Matiresi basi."

Mutiso anawayang'ana, n'kuwayang'ananso. Anatola timizere tingapo ta pulasitiki ija n'kuwaikira m'thumba la shati. "Sawa. Tengani, mudzatifuna."

Kunyumba thanki inalowa movuta ngati mmene inatulukira. Anathira madzi, sinadonthe. Mayi a Tina anakweza manja kuti Ambuye alemekezeke. Koma anati, "Kuima si kuyenda. Ikokeni tione." A Jobe anakoloweka kalavani ku galimoto yawo yakalekale, n'kulowera msewu wa ku Mwiki wa mabampu ndi maenje. Pa kachitunda kakang'onong'ono galimoto inayamba kulira ngati ng'ombe, kutsogolo kukutuluka nthunzi. Atabwerera, kumbuyo kwawo kunali mzere wa madzi kuchokera ku msewu mpaka pa geti. Pamene anamata Mutiso panali pabwinobwino. Mng'alu watsopano unatseguka pambali pake.

A Jobe anakhala pa tayala, n'kudzukanso, n'kukhalanso. "Mayi a Tina, izi si zachabe ayi. Alipo kumudzi amene sakufuna kuti ndifike. Kapena ndi Mulungu amene akuti tisapite, mwina kutsogoloku kuli ngozi."

"Mulungu musamunamizire, bambo a Tina. Ali ndi ntchito zambiri, sangamang'ambe mathanki ku Kasarani. Bweretsani kiyi."

"Kiyi wa chiyani?"

"Wa nyumba yanu ya matayalayi. Galimoto yalira ngati yanyamula chimanga cha mudzi wonse. Muli chiyani umu?"

Anakana, ananamizira kuti kiyi ali m'buluku lina, koma mkazi ameneyu akaima manja m'chiuno, ngakhale kondakitala wa matatu amabweza chenji. Analowa, kukoka matiresi, kutukula chivundikiro cha bedi. Anangoti kukamwa yasa.

Pakati pa bedi ndi thanki panali bokosi losungiramo zofunda, pansi pake kathabwa kopyapyala. Mmenemo munali modzaza mpaka pakamwa. Mutu wa makina osokera. Masefuliya olowetsana, akuluakulu a pamaliro. Mbaula ya ku Kenya ija ya dothi m'kati, imene kuno amati jiko. Batire la sola. Makasu opanda mipini. Sefa wa ufa, mabulangeti, nsalu zikadali m'mapepala. Kathabwa kaja kanapindika ngati uta, kanagona pa thanki ndi katundu yense.

"Izi ndi za yani?"

A Jobe anaima pakhomo pa kalavani akusewera ndi makiyi. "Makinawo ndi a achemwali anu. Mbaula ndi ya amayi. Chaka chilichonse ndikalephera kupita, ndinkagula kanthu, kuti tsiku lofika ndisadzafike chimanjamanja. Munthu wopanda nyumba pamudzi, afikenso manja lendelende? Adzandiseka mpaka agalu."

Mayi a Tina anatulutsa kayunifomu ka sukulu, kabudula wake ngati mpango. "Aka?"

"Ka Vitus, mwana wa alamu."

"Vitus ali ndi ndevu, ali ndi ana awiri."

Anapisanso dzanja pansi, n'kutulutsa jombo zakuda, zatsopano, zomangidwa pamodzi ndi chingwe. Sanafunse. Anadziwa saizi ya phazi la bambo awo, amene anawaika m'manda a Jobe ali ku Nairobi akunena kuti tili panjira. Anakhala pa bedi lopanda matiresi jombo zili pamiyendo. Kunja ana a anthu ankakanganirana mpopi.

"Abambo ankadwala miyendo, jombo sakanavala n'komwe," anatero mayi a Tina, mawu ali pansi. "Mukudziwa zimene ankanena mango akapsa? Ankati, mkamwini uja mango ake akungogwa, mbuzi zikudya, muuzeni abwere adzatole. Za njerwa sanatchulepo. Ndinu nokha mumaziwerenga njerwa zija."

A Jobe anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi. "Tingoika katunduyu pansi apa, pakati pa kalavani."

"Galimoto yalephera kachitunda ka ku Mwiki, ikakwera nazo mapiri a ku Tanzania? M'galimoto muli ine, mayi Lenah, mayi Carol ndi ziwiya za chinkhoswe cha mwana. Sankhani bambo. Afike katundu kapena mufike inu. Koma dziwani kuti katundu alibe miyendo."

Anatuluka n'kuwasiya. A Jobe anazungulira mpanda, anapita pa geti, analonjera mlonda amene anali atamulonjera kale, anabwerera. Anatenga foni kuyang'ana dzina la Tina, n'kuibweza m'thumba. Kenaka anthu a pa mpopi anaona bambo akutuluka m'kalavani atakumbatira mutu wa makina osokera, mitsempha ili tololo m'khosi, n'kuuika pa simenti. Anabwereranso. Masefuliya. Batire. Makasu. Pabwalo panaoneka ngati pamsika wa Gikomba, amayi oyandikana nawo n'kumafunsa mitengo. A Jobe anangoti, "Hapana, si zogulitsa," thukuta lili kamukamu.

Bokosi litapepuka, thanki inatuluka yokha ndi dzanja limodzi, ngati mwana wobadwa pa nthawi yake.

Ku Umoja sanabwererenso, manyazi ndi funso la Mutiso lija. Anati zimene anaona ndi maso achita ndi manja. Anayanika thanki padzuwa mpaka iume. Mayi a Tina anabwera osaitanidwa, anatenga mbaula ya amayi awo ija, kuikamo makala, kuyatsa, n'kumakupiza ndi chivundikiro cha sefuliya. A Jobe anatenthetsa msomali, n'kuuloza kumapeto kwa mng'alu. Anangouloza, osaboola.

"Boolanitu, mukuopa chiyani? Yang'ambika kale."

Anaboola uku ndi uku. Anapala kangalande ndi mpeni. Anaika chitsulo chafulati pamoto, n'kutulutsa timizere ta Mutiso m'thumba la shati. Koyamba anafulumira, monga mwa khalidwe lawo, pulasitiki inapsa n'kuda, utsi kununkha. Anapalanso n'kuyambiranso.

"Pang'onopang'ono bambo a Tina. Si matatu iyi."

"Inu kupizani moto, za chitsulo zisiyeni."

"Ndikupiza. Koma mwendowo uleke kugwedera, mukugwedeza thanki."

Anaupanikiza mwendo ndi chigongono. Chitsulo chikazizira ankabweza pamoto, n'kudikira, chinthu chimene a Jobe sanachitepo chibadwire. Anadula kachidutswa ka waya ku sefa wa ufa uja, kukakanikiza mu pulasitiki yofewa, kuphimba ndi mzere wina. Pomata pake sipanakongole ngati pa Mutiso, panali ngati chipsera cha moto, koma panagwira. Kathabwa kopindika anakachotsa n'kukhomapo lolimba, pansi pa thanki n'kuyalapo mphira kuti isakhulane ndi chitsulo. Mayi a Tina anaitsuka ndi madzi otentha ndi soda kambirimbiri, kulawa, kulavula, kutsukanso, mpaka fungo la sopo ndi phula linatha.

Katundu uja anapita naye ku tchalitchi Lamulungu. Makina osokera anatenga amayi a bungwe, kayunifomu kanakwana mwana wa mlonda. Masefuliya awiri mayi Carol anati amenewa akaphikira pachinkhoswe, awanyamula pamiyendo, asawauze kanthu. M'bokosi muja munatsala bulangeti limodzi la apongozi. Jombo zija mayi a Tina anazitenga okha, sananene kumene anaziika, a Jobe nawo sanafunse.

Ananyamuka m'mawa, amayi atatu atagwirana manja kupempherera matayala, mabuleki ndi dalaivala. Asanatuluke mu Nairobi a Jobe anali ataima kale kawiri kukasuzumira pansi pa kalavani. Atadutsa Athi River, msewu wa ku Namanga utawongoka, anaimanso. Anagwada m'fumbi, kupisa dzanja, kusisita pa chipsera chija. Pouma. Anasisitanso.

"Bambo inu, tikafika Khirisimasi," anakuwa mayi Lenah pa windo.

A Jobe anaimirira n'kuyang'ana kumene achokera, nyumba zitalizitali zikuoneka mwa utsi, kenaka kutsogolo kumene kunali tchire lokhalokha. Makiyi anali ngwengwengwe m'dzanja. Mayi a Tina anatsika, kulowa m'kalavani, kutunga madzi pa kampopi, n'kuwapatsa kapu. Anamwa onse. Anali madzi basi, opanda thovu.

Foni inalira m'thumba. Anali Tina.

"Adadi, muli kuti?"

"Tili panjira, mwanawe."

Tina anangoti, "Apatseni amami foni."

A Jobe anapereka foni ija osatsutsa, n'kukakhala pa chiwongolero. Kumbuyo ankamva mkazi wawo akuseka, akuti, "Eee, ndi zoona, ulendo uno ndi zoona. Uwauze agogo ako athamangitse mbuzi pansi pa mango paja." Analiza injini asanatseke n'komwe chitseko, mwendo uja uli pa moto.